Kaderno ya Makolo a Zaina

Tsiku limenelo tinali kudimba, tikukumba mbatata ya kachewere. Amayi ankakumba, ine ndinkatola n'kuponya m'dengu. Zaina, mng'ono wanga, anali atakhala pamzere akudya nzimbe. Iye sankatola. Ankati dothi limamuyabwa, ndipo amayi ankamusiya.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, Zaina zisanu ndi ziwiri. Mayi tinali naye mmodzi, abambo osiyana. Bambo anga, a Sitefano, anali a ku Chidzolomondo. Anapita ku migodi ine ndili kumsana, osabweranso. Chimene anandisiyira ndi dzina lokha. Bambo ake a Zaina anali mphunzitsi amene boma linamutumiza ku sikola ya kwathu, kuseri kwa Ntengo-Wambalame. Kwawo kunali kunyanja yamchere, kamudzi ka asodzi kupitirira Kelimane. Zaina ankawaitana Papa. Ine ndinkawaitana a Purufesoro, ngakhale kunyumba.

Sanandimenyepo. Sanandimanepo chakudya. Koma Lamulungu lililonse masana ankakhala pakhonde, Zaina ali pamiyendo, n'kutsegula kaderno, buku lolembamo la chikuto chabuluu. M'menemo analembamo mayina a makolo awo. Momade anabereka Ali, wokhoma mabwato. Ali anabereka Saide, amene anamira pafupi ndi doko anthu akuona. Saide, bambo wa a Purufesoro, anasiya ana atatu ndi nyumba ya pansi pa mitengo ya koko. Ine ndinkasankha nyemba chapatali. Mayina onsewo ndinawaloweza. Zaina ankaiwala.

Mfuti zinayamba kulira dzuwa lisanafike pamutu. Zinkalirira cha ku sikola. Amayi anaimika khasu. Kenako tinaona utsi, wakuda, wa udzu wouma.

A Purufesoro anatipeza kudimba komweko. Anali opanda nsapato, malaya atavula. Anagwada pamatope n'kuyamba kupukuta zala kuti choko chichoke. Inu obadwa nkhondo itatha mwina simudziwa. Masiku amenewo mphunzitsi akagwidwa sankabwerako.

Anauza amayi kuti tilowere kum'mawa, ku malire a Malawi. Iwo adzera kwina, chifukwa anthu amfutiwo ankafuna iwowo. Anamunyamula Zaina, namugwira nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kaderno ija m'buluku n'kundipatsa.

“Marita, sunga ichi. N'cha mng'ono wako.”

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Zaina anamukumbatira. Ine anandipatsa katundu.

Kunyumba sitinapiteko. Tinatenga zimene zinali kudimba: dengu la mbatata, kampoto, ndi bulangete limene Zaina ankakhalira. Amayi anamubereka Zaina kumbuyo, miyendo yake ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Ine ndinasenza dengu.

Tinkapewa njira. Tinkadutsa m'minda ndi m'tchire, kukwera zitunda n'kutsika. Chitsa chinandibaya pachidendene. Ndinawauza amayi. Anayang'ana, n'kunena kuti ndipondere kuzala. Patapita nthawi pang'ono Zaina anati ludzu, ndipo tonse tinaima.

M'mawa mwake tinali m'chigwa china, pakati pa miyala. Amayi anaiona kaderno m'dengu, pansi pa mbatata. Nkhope yawo inasintha. Anati ndikaitaye kutali, chifukwa akatipeza ndi zolembalemba adziwa kuti ndife a m'nyumba ya mphunzitsi.

Ndinapita nayo kuseri kwa mwala. Ndisanataye ndinaitsegula. Ndinayang'ana tsamba ndi tsamba. Dzina la amayi linalimo, lolembedwa pambali pa la a Purufesoro. Pansi pake panali la Zaina, ndi tsiku limene anabadwa. Pansi pa Zaina panalibe kanthu. Ndinabwerezanso kuyambira koyamba, ngati kuti mwina ndalumpha mzere.

Panali dzenje la nyerere pafupi. Ndinaima pamenepo kanthawi.

Sindinaitaye. Ndinaimanga pamimba ndi chidutswa cha kapulana, chitenje cha amayi, mkati mwa delesi. Anthu akamva nkhaniyi amati ndinachita zimenezo chifukwa chokonda mng'ono wanga. Sizinali choncho. Ndinkaifuna. Ndinkati ikakhala pa ine, Ali ndi Saide akhala anga, ndipo Zaina atsala wopanda kanthu ngati ine.

Masana a tsiku lomwelo, tikuwoloka kamtsinje, tinakumana nawo anthu amfuti aja. Anali anayi. Mmodzi anavala jekete la mvula lachikasu, dzuwa likuswa mtengo. Anatenga bulangete ndi kampoto. Anakhuthula dengu n'kufufuza mbatata ndi phazi. Ndinamva kaderno ikumatirira pamimba ndi thukuta.

Wa jekete uja anamuyang'ana Zaina. Zaina anali woyera kuposa ife, tsitsi lake lofewa. Anawerama n'kumufunsa kuti bambo ake ndani.

Zaina anatsegula pakamwa. Ndinaona milomo yake ikukonzeka.

“Ndi a Sitefano,” ndinatero. “Ali ku migodi. Tonse awiri ndife ana a Sitefano.”

Munthu uja anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu kuvomereza. Munthuyo anatola mbatata ziwiri n'kuika m'thumba la jekete, natiuza kuti tizipita.

Tinayenda osacheuka. Titafika patali amayi anamutsitsa Zaina n'kumugwira mapewa. Anamuuza kuti kuyambira lero bambo ake ndi a Sitefano, ndipo anamubwerezetsa kasanu. Zaina ankalitchula dzinalo molakwika. Ine ndinkamvetsera. Chinthu chimodzi chimene ndinali nacho ndekha tsopano chinali cha tonse awiri. Amayi sanandiyamikire. Anangoti ndisenze mbatata zimene ndinakwanitsa kubweza m'dengu, tipitirire.

Tsiku lachitatu tinatulukira pamsewu wa phula. Mayi wina wogulitsa kabichi anatiuza kuti tsidya linalo ndi Malawi. Tinawoloka. Panalibe mpanda, panalibe mtsinje. Msewu basi.

Pabwalo la tchalitchi china cha ku Ntcheu panali anthu ambiri a kwathu, atakhala pansi. Anatipatsa phala m'makapu. Mayi wina ananditsuka chidendene ndi madzi amchere. Bambo wolemba mayina atafika pa ife, amayi anati Marita Sitefano, Zaina Sitefano. Mantha anali asanawachoke. Dzinalo linakhala pa Zaina zaka zonse zimene tinakhala ku msasa wa othawa nkhondo.

Kaderno ndinaibisa m'denga la kanyumba kathu. Amayi anamwalira ku msasa komweko, akuganizabe kuti ndinaitaya m'chigwa muja. Zaina ndinamupatsa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, titabwerera kale kwathu ku Tsangano. Anandifunsa chifukwa chake ndinakhala nayo nthawi yonseyi osanena. Ndinati ndinkadikira kuti akule. Anandikhulupirira.

Patapita zaka zina Zaina anati tipite tikaone kwawo kwa bambo ake. Ndinamuperekeza. Tinayenda masiku atatu pa timabasi tija timati shapa, kutsika iyi kukwera ina, mpaka msewu unathera pamchenga. Kamudziko kanali kakang'ono. Panali doko la matabwa, mabwato asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi nsomba zoyanika pamaukonde. Chilankhulo chawo sitinkachimva. Zaina anafunsa m'Chipwitikizi za nyumba ya Saide. Bambo wina amene ankasoka ukonde anafunsa kuti Saide wake uti. Zaina anayamba kutsegula kaderno. Ine ndinayankha isanatseguke: Saide mwana wa Ali, Ali mwana wa Momade, uja anamira pafupi ndi doko.

Anatitengera ku nyumba ya pansi pa mitengo ya koko. Inalipodi. Munatuluka mayi wachikulire, mlongo wawo wa a Purufesoro. Sanadikire kuti amuuze. Anamugwira Zaina masaya ndi manja onse awiri n'kuyamba kulira. Anthu anabwera. Anamuonetsa manda a Ali, namuonetsa bwato limene msuweni wake amapalasa. Wina anati mphuno ndi ya agogo ake. Wina anati ayi, ndi ya azakhali ake. Anakangana za mphunoyo mpaka kuseka.

Atafunsa za ine, Zaina anati ndine mkulu wake, amene ndinasunga kaderno. Anandithokoza kwambiri. Ananditulutsira mpando wokhawo umene unali m'nyumbamo, n'kuuika pamthunzi. Zaina anamukhazika pamphasa, pakati pa amayi ena, mbale imodzi. Ine ndinadya ndekha pampando, nsomba yaikulu kuposa ya wina aliyense.

Zaina anatsala komweko. Anakwatiwa ndi msodzi, ndipo ana ake amasambira ngati nsomba. Ine ndinabwerera kumtunda.

Chaka chotsatira ndinapita ku Chidzolomondo. Ndinayenda midzi inayi ndikufunsa za a Sitefano amene anapita ku migodi. Anthu anali atsopano, obwera nkhondo itatha. Mkulu wina anati a Sitefano analipo ambiri, ndipo anandifunsa dzina la bambo wawo. Sindinkalidziwa.

A Purufesoro sanapezeke. Palibe amene anaona pamene anagwera, ndipo manda awo kulibe, kunyanja kapena kuno. Amayi ali ku Ntcheu, pamalo pamene tsopano anthu amalimapo chimanga. Tinachoka kudimba kuja tili anayi. Tatsala awiri, wina kunyanja, wina kuno ku Tsangano.