Mayi Kandulo ndi Simbi Imene Ndinaidumpha

Tsiku lililonse Mayi Kandulo ankafika pa ntchito tonsefe tisanafike. Ankapachika chikwama pa msomali wa kuseri kwa chitseko, n'kuyatsa simbi zonse zisanu ndi imodzi kuti zifunde pang'ono. Kenako ankatulutsa kachidutswa ka kandulo m'thumba la epuloni, n'kupaka pansi pa simbi iliyonse, n'kupukuta ndi kansanza mpaka sitachi yopserera ya dzulo itachoka. Akamaliza ankazimitsa zonse, n'kukakhala pa thebulo lawo la pa zenera ngati munthu amene wangolowa kumene.

Malo athu ndi ochapira zovala. Kutsogolo kuli kauntala yolandirira katundu, kumbuyo kuli makina awiri ochapira ndi benchi yopindira, pakati ndiye chipinda chathu chositira. Muli matebulo asanu ndi limodzi koma zenera ndi limodzi. Amene ali pa zenera amapuma mpweya, enafe timapuma nthunzi.

Dzina loti Kandulo anawapatsa ndi mnzathu wina amene timamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipazima. Anaona kandulo ikusuzumira m'thumba lawo, n'kunena kuti, "Amayiwa tchalitchi chawo amayenda nacho m'thumba." Amayi anangoseka. Za simbi palibe ankadziwa. Aliyense ankangoti simbi yake ndi yabwino.

Amayi anayamba ntchito pamenepo ine ndisanabadwe. Amuna awo anali kalipentala, anagwa pa denga la nyumba ya eni ake, n'kuwasiyira ana atatu, wamng'ono ali kumsana. Nthawi imeneyo makina kunalibe, ankachapa pamanja m'mabafa a chitsulo, ndipo zala zawo zinapindika mpaka lero. Pa chala chachikulu cha kumanzere ali ndi chipsera chonga tsamba. Kawiri konse bwana anafuna kuwapatsa ukapitawo, kawiri konse anakana. Ankati, "Nsalu ikakwinyika ndimadziwa chochita. Munthu akakwinyika ndingamusite ndi chiyani?"

Komatu anthu ankawasita ndithu. Tilipo azimayi asanu ndi mmodzi, mipingo inayi. Pemphero la m'mawa linali nkhondo. Ena amati popemphera tigwade, ena amati tiimirire manja m'mwamba, Wailesi amafuula ngati Mulungu ali kuseri kwa makina. Tsiku lina mkangano utakula, amayi anavula magalasi n'kunena kuti, "Wogwada agwade, woima aime. Koma ameni tinenere limodzi, mashiti a ku hotela sakudikira." Mpaka lero timatero.

Ine ndinabwera mwana wanga ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Sindimadziwa kulankhula pa gulu, mawu amandithera pakhosi. Amayi ndi amene anandiphunzitsa kuyamba ndi kolala, kumva kutentha kwa simbi ndi tsaya osati ndi chala, kusita thalauzi osasiya mizere iwiri. Masana ankandiuza kuti, "Thamanga ukayamwitse, mwana wanga, thebulo lako ndiliona." Ndinkathamangira kwa apongozi kumene ndinkasiya mwana, pobwera n'kupeza mulu wanga watsika. Mayi wanga wondibala anamwalira ndili ndi zaka khumi. Mawu oti "mwana wanga" ndinkapita nawo kunyumba ngati kanthu ka m'thumba.

M'mawa wina ndinalawirira, n'kuwapeza ali ndi simbi yanga m'manja, akuipaka kandulo. Anaika chala pakamwa. Mtima wanga unadzadza. Ndinkayesa kuti amapukuta yanga yokha. Patapita masiku ndinalawiriranso dala kuti ndiwathokoze, ndipo ndinaona akuchoka pa yanga kupita pa ya Wailesi, kuchoka apo kupita pa ina, mpaka zonse. Sindinawathokoze. Ndinangoti mwadzuka bwanji.

Kenako kunabwera watsopano, m'malo mwa mnzathu wina amene anasiya ntchito. Wamtali, mano oyera, woyankha msanga, wa msinkhu wanga. Tsiku loyamba lomwelo anauza akapitawo kuti iye Loweruka sagwira ntchito, ndi tsiku lake lopembedza. Akapitawo anati, "Ndiye khomo ndi ilo, kuno Loweruka ndiye tsiku la mashiti." Amayi anadzuka pa thebulo lawo. Loweruka linali tsiku lawo lopuma, limene ankachapa zawo ndi kukaona zidzukulu. Anati, "Loweruka lake ndigwira ine. Iye azigwira Lamulungu langa, nane ndizipita ku tchalitchi m'mawa ngati anthu." Akapitawo anavomera, koma anati amuyesa miyezi itatu, akalakwitsa kamodzi apita. Wailesi anamutcha Wa Loweruka, dzina n'kukhala.

Sabata isanathe ndinamva amayi akumuuza kuti, "Yamba ndi kolala, mwana wanga." Simbi inandiima m'manja. Mawu omwewo, kanenedwe komweko. Masana ankagawana naye chakudya m'kontena imodzi, pa benchi pamene ndinkakhala ine. Ankandiitana ndithu, "Bwera, malo alipo," koma ine ndinkati ndakhuta. Ndinkadya nditaima pafupi ndi makina, ndikuwerenga kuti amayi aseka kangati. Ndi ine ankamwetulira. Ndi iyeyo ankaseka mpaka kupukuta magalasi.

Wailesi sanachedwe kuona. "Asisi, nkhope yakwinyikatu iyo. Bweretsani ndiithire madzi ndiisite. Kapena mwabadwiridwa mng'ono wanu?" Onse anaseka. Wa Loweruka nayenso anaseka, kenako n'kundigwira paphewa. Ndinasuntha phewa.

Sabata yomaliza ya miyezi itatu ija, Lachinayi, kunabwera mikanjo makumi awiri ya kwaya, yoyera, yansalu yoterera. Inali ya ku mpingo kwathu. Ine ku tchalitchi ndimakhala pa benchi ya kumbuyo, sindiimba, sindinaimepo kutsogolo. Ndinaona kuti mpata wanga ndi umenewu, Lamulungu ndidzayang'ana kwaya yonse n'kudziwa mumtima kuti manja anga aima kutsogolo. Akapitawo anafunsa amayi kuti apatse ndani. Ndinayang'ana pansi, ndikudikira. Amayi anati, "Mpatseni Wa Loweruka. Dzanja lake ndi lopepuka pa nsalu yoterera."

Mikanjo ya kwathu. Munthu woti Lamulungu kwa iye ndi tsiku la mashiti.

Madzulo ake poweruka amayi anandikokera pambali. Mawa m'mawa ankapita kukapimitsa maso, chifukwa anali atayamba kuona ngati muli utsi. Anandiika kandulo ndi kansanza m'manja. "Ndiwe wekha ukudziwa. Ulawire."

Ndinalawira. Ndinapukuta ya amayi, yanga, ya Wailesi, ndi ziwiri zinazo. Nditafika pa ya Wa Loweruka ndinaitembenuza. Dzulo lake anasita mayunifomu a alonda, a sitachi yambiri, ndipo kunsonga kwa simbi kunali kofiirira ngati shuga wopserera. Ndinaima nayo. Sindinaipake kanthu koipa, sindinakhudze kotembenuzira moto. Ndinangoibwezera pamalo pake. Mumtima ndinati, dzanja lopepukalo lipukute lokha.

Titanena ameni, aliyense anapita pa thebulo lake. Iye anayala mkanjo woyamba akung'ung'udza nyimbo ya kwawo. Simbi inayenda kamodzi, kuchokera paphewa kutsika pachifuwa. Nyimbo inaduka.

"Mayo ine!"

Mzere wofiirira, wautali ngati chikhatho, pamalo poonekera. Akapitawo anabwera akuthamanga. Anakweza mkanjo ku kuwala, n'kuutsitsa. "Ndinanena kuti kamodzi. Vula epuloni." Wa Loweruka sanayankhe msanga tsiku limenelo. Anangoti, "Bwana, ndili ndi ana awiri," manja ali pa mfundo ya epuloni kumbuyo, ikukana kumasuka. Kandulo inali m'thumba mwanga. Ndinkaimva ngati ikuyaka. Pakamwa panga sipanatseguke.

Amayi analowa nthawi imeneyo, maso ali ofiira ndi mankhwala a kuchipatala. Anayang'ana mkanjo. Kenako anayenda thebulo ndi thebulo akutembenuza simbi, n'kuyandikitsa ku maso. Zisanu zinkawala. Pa thebulo langa sanakweze mutu.

"Akapitawo, musiyeni mwanayu. Simbi za muno ndimapukuta ndine m'mawa uliwonse. Iyi lero sindinaipukute."

"Mumapukuta? Chiyambire liti?"

"Chiyambire inu muli pa sukulu."

Wailesi anagwira pakamwa. "Ine zaka zonsezi ndimayesa simbi yanga ndi yodalitsika!" Palibe anaseka kwambiri. Akapitawo anakanda mutu. Anati munthu wamkulu ngati iwo sangamuchotse, koma nkhani ikafika kwa bwana ayenera kuonetsa kuti wachitapo kanthu, komanso maso awowo ndi amenewa. Kuyambira Lolemba achoke pa simbi, akapinde zovala kumbuyo. Amayi anati, "Zikomo." Zaka zonse zija pa zenera, anangoti zikomo.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva chisoni chokha. Koma pamene Wa Loweruka anawakumbatira akulira, iwo n'kumamusisita msana, chimene chinabwera mumtima mwanga n'chakuti, akanakhala ine akanandiimira chonchi? Ndinapita nalo funso limenelo kunyumba. Ndikusambitsa mwana ndi pamene ndinazindikira kuti anali atandiimira kale, pamaso pa anthu onse, osatchula dzina langa. Sopo anandipulumuka m'manja.

Loweruka tinagwira limodzi, iwo ali m'malo mwa Wa Loweruka monga mwa nthawi zonse. Anatenga mkanjo uja, kuunyika, kuupaka viniga, kuuyanika pa dzuwa, kuunyikanso. Ine ndinkatunga madzi. Masana, tili awiri kumbuyo, ndinatulutsa kandulo.

"Amayi, simbi ija..."

"Ndinaona."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinanena zoona. Sindinaipukute." Anafinya mkanjo. "Ndikanatchula iwe, bwenzi lero ndikulira mwana mmodzi m'malo mwa mnzake. Gwira uko tikunthe."

"Koma mumamukonda kuposa ine."

Zinangotuluka. Amayi anaseka mpaka kuvula magalasi, kuseka kuja ndinkakusirira. "Iwe, ukadzabereka wachiwiri, woyambayu udzamubweza?" Anatenga kandulo yawo n'kuibwezera m'thumba.

Banga linachepa koma silinathe. Akwaya sanadandaule kwambiri. Mkanjowo anaupatsa mayi wina woima mzere wa kumbuyo, amene amagwira buku la nyimbo pachifuwa. Anthu saona. Ine ndili pa benchi yanga ndimaliona bangalo Lamulungu lililonse, buku likangotsika. Manja anga anafikadi kutsogolo.

Amayi anapinda zovala miyezi inayi. Ankafikabe oyamba, ankapukutabe simbi zimene sankazigwiranso, tsopano akuchita kufufuza ndi chala chifukwa maso anali atalema. Ena, poti anali atadziwa, ankati azipukuta okha, koma kulawira kunawakanika. Kenako mwana wawo wamkazi anabwera kudzawauza kuti basi, akakhale kwa iye.

Thebulo la pa zenera linali lisanapeze mwini, akapitawo ankasinthasintha anthu. Tsiku lomaliza anafunsa amayi kuti asiyire ndani. Ndinayang'ananso pansi, ngati sindinaphunzire. Amayi anati, "Wa Loweruka. Ali ndi chifuwa, nthunzi imamupweteka." Zinali zoona, amatsokomola. Koma nanenso ndimatuluka thukuta.

Tinaimba nyimbo imodzi imene mipingo yonse inayi imaidziwa, Wailesi akutsogola molakwika. Akapitawo anati Loweruka la Wa Loweruka likhalabe chomwecho, tizisinthana enafe. Amayi anatsanzikana ndi aliyense, n'kuchotsa chikwama pa msomali. Ine ndinawanyamulira mpaka pa msewu, poimira basi. Wa Loweruka sindinamuuzebe za simbi ija. Masiku ena amandiyang'ana ngati akudziwa, n'kundisunthira kontena yake kuti titengere limodzi. Nthawi zina ndimatenga.

Basi ikubwera, amayi anapisa m'thumba. Anandiika m'manja kandulo yatsopano yathunthu, ndi kansanza kaja, kolimba ndi phula.

"Iyeyo thebulo, ine kandulo?" ndinatero.

"Eya, iwe kandulo." Anandifumbatitsa zala. Phazi limodzi lili kale pa sitepe, anatembenuka. "Mawa ulawire, mwana wanga. Uyambe ndi yake. Yako uzimalizira."