Ndinanamizira tsabola

Chaka chomwe makampani ankatsekedwa motsatizana muno mu Dublin, a Phiri, anzanga a kutchalitchi, anandipempha kuti tikadye ku lesitilanti ya zakudya za ku Mexico m'katauni ka kumapiri a Wicklow. Ndinali nditamva kale kuti ntchito yawathera ku Citywest, ndipo landilodi wawapatsa notisi. Kwanga ku Ongar kunali chipinda chongosungira masutikesi.

Tikudya nyemba zokulunga m'chapati cha ufa wa chimanga, iwo anati, "Achimwene, ndili ndi kankhani." Misozi inalengeza m'maso mwawo.

Ine ndinafulumira kuwasunthira madzi. "Tsabola wa anthuwa ngwoopsa, imwani."

Anamwa, ndipo kankhaniko kanathera pomwepo. Pobwerera ndinkangolongolola za mvula.

Koma poitanitsa chakudyacho, ndine ndemwe amene ndinauza woperekera kuti asatiikire tsabola.