Tsiku Limene Alamu Anayeza Zala Zanga

Ndinabadwira kwa Lundu, koma ukwati unanditengera kufupi ndi Marka. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Amuna anga anali Asena, anapereka malowolo, ndipo ndine amene ndinasenza katundu kukakhala pakati pa anthu awo. Apongozi anali atakalamba kale, moti pakhomopo mawu omveka anali a alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa amuna anga. Iwo ukwati unali utawakanika, anabwerera kwawo, ndipo ankagulitsa kaunjika m'misika.

Sitinamwerane madzi kuyambira pachiyambi. Bambo anga analibe mwana wamwamuna, ndiye ntchito zonse anaphunzitsa ine: kufolera nyumba, kumata chubu cha njinga, kupha mbuzi ndi kuisenda. Ndinapita nazo ku ukwati osadziwa kuti kwina ndi mlandu. Chaka china denga la khitchini linkadontha, amuna anga akungoti mawa, mawa. Ndinatenga udzu n'kukwera ndekha. Alamu anaima pansi, manja m'chiuno.

"Akazi a pakhomo pano sakwera padenga," anatero.

"Mvula sidziwa zimenezo, alamu," ndinayankha ndikumanga luzi.

Anachokapo, koma anandisungira. China chimene ankandiwerengera n'chakuti ndinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo mimba ina sinabwerenso.

Tsiku limene ndikunenali linali la nyengo yotentha, ija nthaka imawotcha mapazi. Tinali amayi ambiri pansi pa mtengo wa nimu, tikutong'ola chimanga cha kudimba pamkeka. Mwana wanga, amene anali atangoyamba sukulu, ankatola zitsononkho. Alamu anafika ndi foni yawo yatsopano, akuseka okha.

"Siyani kaye chimanga, muone zimene atumiza pagulu," anatero. Pafonipo panali chithunzi cha manja awiri. "Akuti ophunzira anayeza. Chala cha mphete chikaposa cha mkombaphala, chija timalozera, munthuyo ndi mwamuna mumtima, ngakhale atavala zitenje ziwiri. Cha mkombaphala chikatalika, kapena zikafanana, ameneyo ndiye mkazi weniweni."

Poyamba zinali zoseketsa. Amayi anayala manja pamkeka, wina akukoka chala chake kuti chitalike, wina akubisa dzanja kunkhongo. Inenso ndinaseka. Ndinali ndisanaziyang'anepo zala zanga ndi maso amenewo. Zinali zala basi, zotong'olera chimanga. Nditaziyala, ndinaona ndekha kuti cha mphete chaposa chinzake poyera, osafunika kuyeza ndi kamtengo.

Alamu anandigwira pamkono n'kukweza dzanja langa m'mwamba, ngati msodzi akuonetsa mlamba waukulu padoko.

"Onani! Si ndinkanena ine? Mlongo wanga anakwatira mwamuna mnzake. Mimba ingakhale bwanji m'thupi lotere? Kamwana kamodzi kaja kanangosochera."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mwana wanga anaima ndi zitsononkho m'manja, akuyang'ana ine, kenako zala zake. Ndinachotsa dzanja langa mwamphamvu mpaka foni inagwera m'chimanga. Alamu anati, "Mwaona mphamvu zakezo?" ndipo amayi anasekanso.

Nkhani yoipa ili ndi miyendo. Kumjigo atsikana anayamba kundipatsa moni woti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Anyamata a kabaza ankanditcha madala. Koma amene zinawalasa kwambiri anali amuna anga. Sanali munthu woipa, anali munthu woopa kusekedwa. Pabawo anzawo ankawafunsa kuti kunyumba kwanu amavala buluku ndani. M'mawa wina ndikuwapatsa madzi osamba, anandigwira dzanja. Ndinkati mwina akufuna kundipepesa. Analitembenuza, kuliyang'ana bwinobwino, n'kulisiya ngati aona chilonda.

Mvula isanagwe anali atatenga mkazi wachiwiri, wa kutsidya kwa malire. Anamusankha ndi alamu, ndipo ndinamva kuti asanamufunse ngakhale za makolo ake, anayamba amuyeza zala. Mitala ndinaikana. Ndinalankhula mokweza, ndinaswa mphika, ndipo zonsezo zinangokhala umboni wa alamu. Pamapeto pake amuna anga anandiuza kuti ndipite kwathu ndikapume kaye, mtima ukazizira adzandiitana. Ndinamanga zovala zanga ndi za mwana. Alamu anamasula mtolowo n'kuchotsamo za mwanayo.

"Uyu ndi wa ng'ombe zathu," anatero. "Inu pitani nokha."

Ankhoswe anga anayesa kulankhula, koma anabwerako ndi mawu omwewo. Mwana analira mpaka kumsewu, azakhali ake atamugwira paphewa. Pa ulendo wonse wa basi sindinagwetse msozi. Ndinkangomva ngati ndameza khala lamoto, ndipo ndinalumbira kuti sindidzalilavula mpaka litawotcha mwini wake.

Kwa Lundu sindinakhalitse. Ndinapita pamsika wina wa m'mbali mwa msewu, kufupi ndi minda ya nzimbe, n'kuyamba kugulitsa nyama ya mbuzi. Abambo a mabutchala anandiseka, nati mkazi akapha mbuzi nyama imawawa. Ndinapachika mbuzi yanga yoyamba pamtengo iwo akuona, kuisenda osaboola chikopa. Anthu odula nzimbe sasankha kuti wapha ndani, amangofuna nyama yonona ndi sikelo yosaba. Posakhalitsa anandizolowera.

Pa ntchito imeneyo ndinayamba chizolowezi choyang'ana manja a anthu. Aliyense wotambasula dzanja kuti alandire nyama, maso anga ankathamangira pa zala. Ndinkafuna kudziwa ngati alamu ananena zoona, chifukwa kunena zoona mawu awo anali atandilowa. Ndinaona kapitawo wina woopedwa, womenya anthu ndi chikwanje chafulati, ali ndi chala cha mkombaphala chachitali ngati cha namwali wa kwaya. Ndinaona mayi wina wofatsa, wosatha ngakhale kukalipira nkhuku, ali ndi dzanja ngati langa. Ndinaonanso akazi aukali a zala ngati zanga, ndi amuna ofatsa a zala zimene alamu ankati n'zachikazi. Ena dzanja lamanja linkanena zina, lamanzere zina. Kaya ophunzirawo anayeza chiyani, ine sindidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti sungadziwe amene adzakumenye kapena kukuchereza poyang'ana zala zake.

Ankandilola kumuona mwana wanga mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zonse pamaso pa azakhali ake. Ulendo wina ndinamupeza yekha akuchokera kusukulu. Ankabisa dzanja m'thumba la yunifolomu. Nditalitulutsa, ndinapeza chala cha mkombaphala chatupa pamfundo.

"Watani apa?"

"Azakhali amandikoka m'mawa uliwonse," anatero motsitsa mawu. "Akuti chitalike, ndisadzakhale ngati inu."

Ndinalunjika pakhomopo. Amuna anga anatuluka n'kundiuza kuti ndisabweretse phokoso, mkazi wawo ali ndi khanda. Analidi atabereka mwana wamwamuna, ndipo alamu anali atayenda mudzi wonse akulengeza kuti zala sizinama. Kukoka kuja alamu anasiya nditawaopseza kuti ndikanena kwa aphunzitsi ndi kuchipatala, koma mwana sanandipatse. Ndinabwerera kumsika. Mbuzi imene ndinapha tsiku lotsatira ndinaiduladula mpaka mnzanga wa butchala yoyandikana anandilanda chikwanje.

Zinapita zaka. Ndinagula njinga yamoto yokatengera mbuzi kumidzi, ndinamanga nyumba ya malata, ndipo chipinda chimodzi ndinachisiya chopanda munthu. Kenako uthenga unafika woti amuna anga agwa kudimba, afa ziwalo mbali imodzi, pakamwa papotoka. Mkazi wachiwiri uja anapirira pang'ono, kenako anabereka mwana wake kumbuyo n'kuwoloka malire osatsanzika. Ndinamvanso kuti mwana wanga amusiyitsa sukulu kuti azitunga madzi, kuphika ndi kuchapa zofunda za wodwala.

Sindinathamange. Ndinkadziwa kuti abwera okha, chifukwa mwamuna wamkulu sasambitsidwa ndi mlongo wake kapena mwana wake wamkazi popanda anthu kulankhula. Ndipo anabweradi, dzuwa lili paliwombo, alamu pamodzi ndi bambo wawo wamng'ono, mkulu woyenda ndi ndodo. Alamu anali ataonda, milomo itauma. Ndinawasiya ataima mpaka nditamaliza kugulitsa amene anali pamzere.

Mkulu uja ndiye analankhula. Anati ukwati wanga sunathe, ndinangopita kukapuma, ndipo tsopano mwamuna wanga akufuna dzanja la mkazi wake.

"Ndamva, bambo," ndinatero. "Ndibwera Loweruka. Koma muitane amayi onse a m'mudzimo amene ankatong'ola chimanga pakhomo panu, ndi abambo a pabawo. Ndinachoka anthu akuona, ndibwerenso anthu akuona."

Anapita akusangalala.

Loweruka ndinavala ovololo yanga ya ntchito ndi majombo, n'kukwera njinga yamoto. Ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, amayi pamkeka, abambo pamipando. Amuna anga anali atawagoneka pakhonde, atawatsamiritsa kukhoma. Amayi anandisunthira malo pamkeka. Ine ndinawadutsa, kukoka mpando wopanda munthu pakati pa abambo, n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake. 

Mkulu uja anayamba mwambo wake, za kukhululukirana ndi za banja. Atamaliza ndinaimirira n'kukweza dzanja langa kuti aliyense alione.

"Dzanja ili mukulidziwa nonse," ndinatero. "Alamu analiyeza pano, nati ndine mwamuna. Inu amayi munaseka. Inu abambo munaseka. Mlongo wawo anavomereza, n'kukatenga mkazi weniweni. Palibe mmodzi anaimirira kunena kuti ndi bodza. Ndiye ine ndinavomera. Lero ndabwera ngati mwamuna mnzanu kudzazonda matenda. Pepani ndi odwala. Koma ndifunseni, kodi kuno kwanu mwamuna amakwatiwa ndi mwamuna mnzake? Ngati zala zanga zafupika, bweretsani foni ija tiyezenso."

 Mayi wina anayamba kuseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Mkulu uja ankangokanda pansi ndi ndodo.

Alamu anadzuka pamkeka n'kudzagwada patsogolo panga, pafumbi, anthu onse akuona.

"Ndaphata miyendo, mlamu," anatero m'Chisena, mawu awo opempha chifundo, akundigwiradi majombo. "Zinali zocheza chabe. Ine ndekha sindingathe."

"Nkhabe," ndinawakanira m'chilankhulo chawo chomwecho, kuti asadzati sanamve. "Zocheza zanu zinandilanda mwana. Manja achikazi muli nawo ndinu. Asambitseni."

Ndinayang'ana kukhonde. Amuna anga ankalira, misozi ikutsikira mbali yopotoka ija, akuyesa kutchula dzina langa. Ndinadikira kuti chisoni chibwere. Sichinabwere. Chimene ndinamva chinali ngati madzi ozizira a mumtsuko pakhosi pa munthu wochokera kumunda.

Kenako ndinaitana mwana wanga. Anatuluka m'khitchini, wamtali kufika paphewa langa, manja atachita mikwingwirima ndi sopo. Ndinamufunsa pamaso pa onse ngati akufuna kutsala kapena kupita nane. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, n'kupita kukawagwira dzanja. Atatero analowa m'nyumba, natuluka ndi kachikwama ka mabuku. Mkulu uja anatsegula pakamwa kuti anene za ng'ombe. Ndinamuuza kuti ngati akufuna, tikakambirane kwa a zachitukuko cha ana, akafotokoze yekha chifukwa chake mtsikana wa sukulu akuchapa mikodzo m'malo mokhala m'kalasi.  Mwana anakwera kumbuyo kwa njinga, n'kundigwira m'chiuno.

Pano ali ku sekondale. Bambo ake amakawaona patchuthi, ndipo sindimuletsa, ndimamupatsanso nyama yoti akawaphikire msuzi. Ine sindilowa pakhomopo. Alamu kaunjika anasiya, chifukwa wodwala sasiyidwa yekha. Ndiwo amene amawatembenuza, kuwadyetsa phala ndi kuwanyamulira kuchimbudzi, ndipo m'mudzi anthu amalankhula za iwo monga ankalankhulira za ine.

Amayi a kumpingo anabwerapo kunyumba kwanga kudzandiuza kuti mkwiyo umadya mwini wake. Ndinawapatsa thobwa, ndinawamvetsera, ndinawaperekeza mpaka kumsewu. Mwina akunena zoona. Koma ine ndimagona bwino ndipo ndikunenepa.

Ndikamapita ku Marka kukagula mbuzi pali njira yachidule, koma ine ndimadzera yodutsa kuseri kwa nyumba yawo, ngakhale ili ndi mchenga wambiri. Ndikafika pamenepo ndimaliza hutala. Mwezi wathawu ndinawapeza alamu akuyanika zofunda pampanda, msana utapindika. Anadzutsa mutu. Ndinachepetsa liwiro kuti andione bwinobwino, mbuzi zikulira m'dengu kumbuyo kwanga, kenako ndinaponda moto n'kuwasiyira fumbi.