Mayi Telala ndi Kadona wa M'foni

Mayi Telala ankasoka m'kachipinda koyang'ana kumsewu, makina ali pazenera kuti aziona ulusi komanso aliyense wodutsa. Luso anali nalo, koma mtima wake unali wapachala, ndipo pa nkhani ya amuna ake sankafuna ndi ntchentche yomwe iwatere. Amuna akewo ankawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yomweyo. Anali munthu wa phee, woti ukawapatsa moni amangogwedeza mutu.

Mwadzidzidzi munthu wa phee uja anayamba kuseka. Anali atapeza masewera a makadi a pafoni, aja umasewera ndi anthu osawadziwa n'kumacheza nawo momwemo. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pa chitini cha penti, foni m'manja, mano onse pamtunda. Mayi Telala ankadutsa ndi mbale akuponya diso, mpaka anaona dzina la amene ankawasangalatsayo: Kadona.

Nsanje inamugwira. Sabata imeneyo anasoka zipi mozondoka kawiri konse, iye amene sankalakwitsa ndi batani lomwe. M'maganizo ankamuona Kadonayo, wamng'ono, wosalala, zala zopanda zipsera za singano, ndipo ankadana naye ndi mtima wonse.

Kenako kuseka kuja kunatha. Foni ikalira, bamboyo ankadzidzimuka ngati agwira chitsulo chamoto. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Tsiku lina m'mawa mayiyo anawamva akutsatsa makina awo owotcherera kwa mnzawo wa ntchito, makina omwe ankadyetsa ana atatu. Iye anangoti basi, akufuna kukamupezera nyumba Kadona uja.

Bamboyo atapita kukatenga zitsulo kwa kasitomala, anaiwala foni pa tchaji. Mayi Telala anaitsegula. Kadona anali atawakopa kuti achoke m'masewera muja azikacheza paokha. Anapempha mawu ojambula, anapatsidwa. Anapempha chithunzi atavula malaya, nacho anapatsidwa. Atapeza zimenezi anasintha mawanga: atumize ndalama pofika Lachisanu, apo ayi zonse zipita kwa akazi awo. Nambala ya mayiyo anali nayo kale, chifukwa chithunzi choyamba chomwe bamboyo anamutumizira anajambulitsa ataima pakhomo la telala, pomwe nambalayo inalembedwa ndi penti kuti makasitomala aziimba.

Bamboyo atabwera, anapeza mkazi wawo atakhala pa chitini chawo chija.

"Bambo a ana, ndiye mukugulitsa makina kuti ine ndisaone mimba yanuyi? Yomwe ndimaiona tsiku ndi tsiku?"

Bamboyo anatula zitsulo zija pansi. Mayiyo anawauza kuti anthu otere ukawapatsa kamodzi sakhuta, mawa abweranso, ndipo akanatha makina n'kuyamba mipando. Anawauzanso zomwe ankamva kwa makasitomala ake, kuti ma Kadona ambiri ndi azibambo andevu zawo, okhala ndi mafoni asanu. Anasunga mauthenga onse oopseza aja kuti akhale umboni, n'kulemba yekha yankho: "Ndine mkazi wawo. Zonse ndaziona kale." Kenako anamutsekera njira Kadonayo pafonipo, n'kumuneneza kwa eni masewerawo. Lachisanu linafika n'kudutsa, palibe chinabwera.

Makina anapulumuka, ndipo kuseri kuja moto unayambanso kuthetheka. Koma nsanje ya Mayi Telala sinathe. Mkazi weniweni akanamupeza n'kumulalatira mpaka mtima kuphwa. Nanga munthu woti kulibe ungamukokere pati? Chithunzi chija sichinamupweteke. Chinamupweteka ndi mawu ojambula aja, omwe anawamvetsera katatu asanawafufute. Anali mawu a amuna ake ndithu, koma ofewa, odekha, akuuza Kadona kuti akawerenga mauthenga ake kutopa konse kumatha, ndipo akufunsa ngati wadya.

Masana ena bamboyo analowa m'kachipinda muja atanyamula mpando womwe anauwotcherera mwendo osapemphedwa. Mayi Telala anaimitsa makina.

"Ndiye kuti mawu okoma aja mumawadziwa," anatero. "Ine ndimayesa simunaphunzire."

Bamboyo anauika mpando uja pambali pa makina. Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anapondanso makina.