Zopanira za Tarmudi

Inu amene mwakhala pansi lero n'kumati zanu zatha, tamvani za Tarmudi wa kwathu kuno ku Tegal.

Tarmudi anali katswiri wowotcherera zitsulo pa fakitale ina ku Jakarta. Tsiku lina makina opinda malata anamudya dzanja lamanzere, kungomusiyira mkono. Anabwerera kumudzi bandeji ili mbuu, ndipo chilonda chitapola anayamba kuzungulira m'mashopu kufuna ntchito. Kulikonse yankho linali limodzi: "Pepa Mas, wowotcherera amafunika manja awiri, lina logwira chitsulo, lina logwira moto." Paja kuno mwamuna timamuitana kuti Mas.

Mwamuna uja anafooka, abale. Ankangokhala pakhonde ndwii, osameta ndevu, osapita ngakhale kumzikiti. Mkazi wake Darsinah ankakazinga tempe, timakeke ta soya tija, n'kumagulitsa pamsewu, koma banja la anthu atatu silingadalire chiwaya chimodzi. Mwana wawo Wulan anali adakali kubere.

Mwezi wosala utatsala pang'ono kuyamba, Darsinah anakhala pambali pake n'kunena motsitsa mawu.

"Mas, ndalembetsa kwa a ajenti otumiza anthu kukagwira ntchito kunja. Ikangotha Idi ndikupita ku Taiwan kokasamala okalamba."

"Nanga Wulan?"

"Mudzamulera ndinu. Akamadzayamba sukulu ndidzakhala nditabwera."

"Ndiye adzakudziwa, Dik?" anafunsa Tarmudi, paja Dik ndi mmene mwamuna amaitanira mkazi wake kuno.

Darsinah anapukuta misozi ndi mpango. Tarmudi anamva ululu woposa wa tsiku la makina lija. Anati, "Ndipatse mpaka Idi. Ndikalephera, ndidzakuperekeza ndekha."

Kuseri kwa nyumba kunali makina akale owotcherera, a malemu apongozi ake. Anawapukuta fumbi, n'kukagula chopanira. Mukuchidziwa chija chokhala ndi bawuti kumchira, choti ukapana nacho chitsulo chimadzikhoma chokha, iwe n'kuchotsapo dzanja icho chili chigwirire. Anasankha chatsopano, chonyezimira, chotchipa, kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu. Mumtima anati dzanja lija lapezeka.

Woyamba kumupatsa ntchito anali Bu Rohayah, mayi wapafupi wogulitsa supu wa nyama, yemwe ankafuna ngolo yatsopano yokankha. Tarmudi anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Koma chopanira chija chikatentha chinkatereka pang'onopang'ono, iye nkhope ili m'chigoba chotchinga moto osaona. Ngolo inatuluka yokongola, penti waliwali, koma yopotoka.

Madzulo ake anthu ali piringupiringu kugula zomasulira kusala, Bu Rohayah anatulukira nayo pamsewu. Akakankhira kutsogolo, iyo inkakhotera kumanzere.

"Bu, ngolo yanuyi ikusala nayonso? Taonani ili dzandidzandi!" anakuwa wa njinga yamoto wina.

Anthu asanamalize kuseka, ngolo ija m'ngalande khuvu, mphika wa supu ndi mbale zomwe. Bu Rohayah anaikokera mpaka pakhomo pa Tarmudi, matope mpaka m'mawondo.

"Mudi, ine ndinakumvera chisoni, ndiye taona malipiro ake! Ana anga adya chiyani lero? Ngati sungathe uzinena, usamaphe anthu!"

Darsinah anali pakhomo pomwepo, mwana ali kumsana, ndipo anamva zonse. Tarmudi analowa kuseri n'kulira ngati mwana. Anautukwana mkono wake uja, anawatukwana makina a ku Jakarta, n'kuchiponyera kutali chopanira chija.

Kutacha anakachitola, osati pochifuna ayi, koma chinagwera m'munda wa tsabola wa mkazi wake. Atachiyang'anitsitsa anaona kuti mano ake aphwatalala ngati a nkhalamba, sipuling'i italendewera ndi kutentha. Anapana nacho paipi n'kuikoka ndi zala ziwiri zokha, paipi n'kusololoka. Anaima kakasi. Kani chimene chinalephera dzulo sanali iye yekha.

Ananyamula zidutswa m'thumba, cha paipi, cha lata ndi cha chitsulo changodya, n'kupita kumsika wa zitsulo zakale. Kumeneko kunali Pak Daslam, mkulu wa pakamwa polasa, yemwe anali ndi bokosi lodzaza ndi zopanira zamitundumitundu. Tarmudi anakhala pansi n'kuyamba kuziyesa chimodzichimodzi. Ankapana chidutswa, kuchiponda ndi phazi, n'kuchimenya ndi hamala kuti aone ngati chitereke. Ankapala mano ndi tupa, ndipo tupa ikangodya mosavuta, chimenecho ankachiponya kumbali.

Pang'onopang'ono anayamba kuzidziwa. Cha kamwa lokhota chimakumbatira paipi, koma palata chimangoluma ndi nsonga n'kusiya zipsera. Cha kamwa lowongoka chimagona bwino palata, koma paipi imachipulumuka. Chija cha kamwa lalikulu ngati chala cha nkhanu ndiye mwini wake wa pangodya. Panalinso nkhani yomasula, imene wa manja awiri saiganizira n'komwe. Zina zimafuna kuti dzanja lina ligwire, lina likanule, ndipo kwa iye zinali zachabechabe ngakhale zikhale zolimba chotani. Iye ankafuna zokhala ndi kachitsulo kodina ndi chala chimodzi.

Mawa lake anabweranso, mkuja wake chimodzimodzi, mpaka Pak Daslam anatopa naye.

"Iwe Mudi, wabwera kudzagula kapena kudzafunsira mbeta? Ine mkazi wanga sindinamusankhe chonchi!"

"N'chifukwa chake amakuthawitsani kunyumba tsiku lililonse, Pak."

Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola. Ataona zimene Tarmudi anapatula, zadzimbiri zokhazokha, zosaoneka bwino, anapukusa mutu. "Tenga. Udzandikonzere chitseko cha shopuyi, chandivutitsa kokwanira."

Musaganize kuti basi zinathera pompo. Zopanira zabwino zinalipo, koma ndani agwire zitsulo ziwiri pamodzi iye akamapana? Anayesa ndi bondo, n'kupsa. Anayesa kutsamira ndi mkono uja, chilonda n'kuyambanso kuwawa. Dzuwa la kuno mukulidziwa, ndiye muwonjezepo moto wowotcherera, munthu ali pa kusala, kukhosi kuli gwa. Kangapo konse anakhala pansi n'kunena kuti zakanika. Koma akamva Wulan akuseka ndi mayi ake m'nyumba, ankadzukanso.

Tsiku lina masana, chopanira chinagwira mwangozi m'mphepete mwa tebulo lake lachitsulo pamodzi ndi paipi. Paipi ija inaima nji, osagwedera. Tarmudi anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga zopanira zija n'kuziwotcherera patebulo penipenipo, chilichonse pamalo pake: za ngodya m'makona, za mapaipi m'mbali, za malata pakati. Tsopano ankangogoneka chitsulo, n'kukhoma ichi, kukhoma icho, tebulo n'kumugwirira zonse.

Anaiphwasula ngolo ya Bu Rohayah n'kuiyambiranso. Ataimaliza anaikankha yekha ndi dzanja limodzi mpaka pakhomo pawo.

"Yabweranso galimoto ya m'ngalande ija?" anatero mayiwo, manja ali m'chiuno.

"Ingoyesani, Bu."

"Ikagweranso, supuyo udzamwa wekha ndi matope ake omwe."

Anaikankha kamodzi n'kuisiya. Ngolo inayenda myaa pakati pa msewu, osakhotera uku kapena uku. Bu Rohayah anaikankhanso, kenaka anaikweza mphika wodzaza n'kuzungulira nayo mpaka kumsika. Kenaka anabwerera kwa Tarmudi. Anangomusiyira mbale ya supu yoti adzamasulire, n'kunena kuti, "Mchemwali wanga wogulitsa mpunga wokazinga akufunanso yotere."

Pofika Idi, pabwalo pa Tarmudi panali ngolo zingapo zodikira penti. Koma tinene zoona, sikunali kulemera ayi. Chakudya chinkapezeka, basi. Ndiye m'mawa umene galimoto ya ajenti inaima pamsewu, Tarmudi anasiya kuwotcherera. Anavula chigoba n'kupita kwa mkazi wake.

"Sindikunamiza, Dik. Zimene ndikupeza pano sizingafike za ku Taiwan. Ukasankha kupita, mawu anga aja sindibweza."

Ajenti, bambo wa malaya osita bwino, anatsika akuyang'ana wotchi. "Mbak Darsinah, tiyeni, anzanu akudikira."

Darsinah anayang'ana mwamuna wake, thukuta lili kamukamu, mkono uli ndi zipsera za moto. Anayang'ananso mwana amene anali atagwira nsalu yake. Kenaka anati, "Pak, mundifute. Mwanayu dzana lomweli wayamba kundiitana kuti 'Ibu', amayi. Mawu otsalawo ndikufuna ndidzawamve ndekha."

Ajenti anadandaula, anaopseza kuti mwayi wotere subweranso, koma mayi uja sanasunthe. Galimoto itachoka, Tarmudi anangokhala pansi padothi pomwepo n'kubisa nkhope. Darsinah anamukhazika Wulan pamiyendo pake n'kufunsa kuti, "Penti ija mwaika pati? Ngolozi sizidzipaka zokha."

Lero ukadutsa njira ya kumsika, ngolo zambiri zimene ungakumane nazo zinatuluka patebulo limenelo. Wulan amapita kusukulu mayi ake atamugwira dzanja.

Ndiye iwe m'bale wanga amene wagwera m'ngalande anthu akuona, lira ndithu, palibe akuletse. Koma kukacha dzuka, ukayang'ane bwinobwino chimene chatereka. Mwina si iwe wolephera, mwina ndi njira imene unagwiritsa ntchito, ndipo njira imasinthika. Yesa ina, ikakana yesanso ina. Chimene chinapita chapita, koma chimene chatsalacho chikhoza kusunga banja lako. Mtima wokhawo usautaye.