Nkhadze ya aNangondo

ANangondo ndimawadziwa ine, wina asandiuze! Timagulitsa moyandikana pa Mtunthama, iwo mtedza, ine chimanga chootcha. Anachoka ku Phalombe ali mtsikana, pa lole, kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo. Msana wawo unapindikira m'zigafa, kusoka fodya wa eni. Ankagona m'malayini, tinyumba taudzu tothithikana ngati makola. Mwana wawo woyamba atamwalira, eni mudzi anati mlendo alibe manda, ndiye aNangondo anamuika kuseri kwa kanyumba kawo n'kudzalapo nkhadze kuti pasaiwalike. Fodya atagwa, esiteti inagulidwa. Mwini watsopano anati malayini ndi uve, thalakitala n'kusalaza zonse.

Chaka chatha komiti ya kutchalitchi kwathu inayamba kufufuza mbiri ya nyumba za paesitetipo. ANangondo anavala chitenje chatsopano, ine n'kuwakweza pa njinga. Ankafuna chinthu chimodzi basi, kuti apeze pamene pagona mwana wawo.

Tinapeza a komiti aja akujambula maziko a njerwa, pomwe panali nyumba za akapitawo ndi makalaliki.

"Nanga malayini?" ndinakuwa.

"Achimwene, udzu susiya maziko," anatero wapampando. "Tijambula chiyani?"

Ndinatukwana ndithu, ndipo ndingatukwanenso. ANangondo sanadikire kuti ndimalize. Analowa m'munda wa soya, pomwe panali malayini, ali chiweramire, kufunafuna chitsa cha nkhadze. Mlonda anawathamangira.

"Gogo, tulukani, mukuponda mbewu za abwana!"

Anatuluka akupepesa. Iwo kupepesa! Chitenje chija sanachivalenso mpaka lero.