Khonde la Abambo Latsala pa Chithunzi

Tsiku limene anawasudzula, amayi anatuluka m'mudzi wa kwa abambo ndi mtolo wa zovala, mapoto awiri, ndi zithunzi zitatu zimene anazibisa m'chitenje cha m'chiuno. Akanazionetsa akanawalanda, ndikudziwa. Anthu amene anawerengera ndi mphasa yomwe sakanasiya chithunzi.

Amayi anali mtengwa. Kwawo ndi kuno ku Golomoti, cha kumadambo a Bwanje, koma abambo anawatenga n'kukakhala nawo kumudzi kwawo kuseri kwa Mtakataka, kumene tonse tinabadwira. Abambo anali mmisiri womanga nyumba, ntchito imene anaphunzira ali mnyamata ku mishoni ya Mua. Anamwalira matipate atangofika, anthu ali kalikiliki kuimika zala ziwiri m'mwamba n'kumaimba za ufulu. Titameta, azakhali ndi mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, anawakhazika amayi pamphasa n'kuwauza kuti, "Takumasulani, bwererani kwanu mukapume." Mawu okoma kuwamva. Ine ndinali nditabwerera kale ku koleji ya aphunzitsi, ndipo pamene ndinkabwera kutchuthi ndinakawapeza amayi kwawo, akugona m'kanyumba kophikira ka mng'ono wawo. Mkazi amene anatunga madzi opondera dothi la njerwa iliyonse ya nyumba ija, akugona pafupi ndi mafuwa.

Abambo anali ndi chizolowezi chimodzi chimene anzawo ankawaseka nacho. Akamaliza nyumba imene yawasangalatsa, ankaitanitsa wojambula wa pa njinga, n'kuvala malaya oyera, n'kuima pakona atagwira levulo yoyezera khoma ngati ndodo ya bishopu. Sankamwetulira. Ankati munthu womwetulira pachithunzi amabisa khoma. Zithunzi zambiri zinatha ndi chiswe, zina ankapatsa eni nyumba. Zitatu zimene amayi anapulumutsa zinali za sitolo ya mmwenye pa Golomoti, shedi yogulira thonje pa Mtakataka, ndi nyumba yathu.

Nditayamba kuphunzitsa ndinawatenga amayi kuti tizikhala limodzi. Zaka zinapita osatchula za kumudzi kwa abambo, ndipo ine ndinkaona ngati zinapola. Koma miyendo itayamba kutupa, akuchipatala atanena za BP, anayamba kutulutsa zithunzi zija masana aliwonse. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, choko chili m'manja, anandiuza osandiyang'ana.

"Ndikufuna ndikakhaleko pakhonde panga. Kamodzi kokha, miyendoyi isanakaniretu."

"Kwa anthu aja, amayi?"

"Sindikupita kwa anthu. Ndikupita kunyumba kwanga."

Ndinavomera, koma ndinati ndiyambe ndapita ndekha kukaona njira, poti munthu wodwala sungangomukweza kabaza osadziwa kumene akatsikire. Loweruka ndinaika zithunzi zija m'chikwama. Ndinati popeza ndikudutsa momwemo, ndione zonse zitatu.

Sitolo ija ndinkaidutsa tsiku lililonse la msika osaizindikira, ndipo ndi chithunzi m'manja ndinazungulirabe kawiri. Pachithunzipo ili ndi khonde lalitali la zipilala zanjerwa, pamwamba pake pokhota ngati uta, mmene amamangira kumishoni. Njerwa zili poyera, mizere yake yowongoka. Pansi pa khonde pali telala ndi makina ake, ndipo kumbali kukuoneka mwendo wa munthu amene anathawa kamera. Chimene ndinapeza ndi chibokosi chopakidwa penti wa kampani ya mafoni kuyambira pansi mpaka kudenga. Mipata ya pakati pa zipilala anaitseka ndi zidina kuti mutuluke timashopu, kena ka mowa wa m'masacheti, kena kometera tsitsi, kena kotchajira mafoni. Ndinazindikira malowo chifukwa uta umodzi unkaonekabe pansi pa pentiyo, ngati nthiti ya ng'ombe yowonda.

Ndinamuonetsa chithunzi mwini wa kashopu kometera. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana khoma lake.

"Ndi pano? Ayi ndithu, kale anthu ankawononga malo. Khonde lonseli la chiyani, madamu?"

"La mthunzi."

"Mthunzi salipira lendi."

Anaseka, ndipo amene ankametedwa anasekanso. Ndinafuna kumuuza kuti amayi ake ayenera kuti anabisalapo mvula pakhonde limenelo ali ndi iye kumbuyo, koma ndinangomulanda chithunzi changa. Ndinakwera minibasi mtima ukuwira.

Pa Mtakataka panalibe choti ndizungulire. Shedi ya thonje pachithunzi ndi chinyumba chachitali, mawindo ake ang'onoang'ono m'mwamba, ndipo kutsogolo kuli ngolo za ng'ombe zodzaza ndi mabelo. Ndikukumbuka ndili mwana tinkabisalirana kuseri kwake amayi ali pamzere wa sikelo. Ndinapeza simenti ya pansi yokha, amayi ena atayanikapo mpunga. Ndinawafunsa kuti shedi inapita kuti. Anati thonje litasiya kugulidwa pamenepo, malata anayamba kuyenda, kenako mitanda, kenako njerwa. Aliyense ankati ndi za boma, ndipo boma tsopano ndi ife tomwe.

"Inunso munatengako?"

"Zochepa chabe, za bafa."

Ananena mosabisa, akutembenuza mpunga ndi phazi. Ufulu wake umenewo? Tinaimba mpaka mawu kusasa kuti tipeze ufulu wogumula khoma n'kumangira bafa? Palibe amene anaganiza kuti mukanatha kulowa kalasi, pomwe ana anga ndinkawaphunzitsira pansi pa mtengo wa mango. Ndinatsanzika mwaulemu, poti amayiwo sanali oyamba kapena omaliza, koma ndinachoka ndikutukwana chamumtima.

Ndinatenga kabaza wopita kumudzi kwa abambo. M'njira ndinatulutsa chithunzi chachitatu. Nyumba yathu sinali yaikulu, koma m'dera lonselo inali yokhayo ya khonde la uta, ndipo anthu polongosolera mlendo njira ankati, "Mukafika panyumba yonga tchalitchi mukhotere kumanja." Pachithunzichi abambo anaphwanya lamulo lawo lojambulitsa okha, analola amayi kukhala pampando pakhonde, ine ndili pamiyendo pawo, mutu uli mbee ngati dzungu. Chitseko cha mlombwa chili chotsekula pang'ono. Mkatimo ndinkadziwamo ngakhale nditatsinzina, pabalaza, chipinda cha ana kumanzere, cha makolo kumanja kumene sitinkaponda.

Wakabaza anaima pamtengo wa bwemba umene ndinamuuza. Bwembayo analipo. Kuseri kwake kunali munda wa chimanga chokolola kale, mapesi ali gonegone.

Msuweni wanga anatulukira kuchokera kunyumba yake, atanenepa, akupukuta m'manja. Pachisuweni timaselewulana, ndi mwambo, ndiye anayamba ndi zomwezo.

"Akazi anga abwera! Mwandikumbuka lero? Ndimati munandithawa ndi aphunzitsi anzanu."

"Nyumba ili kuti?"

"Osakhala pansi kaye? Moni sitinapatsane."

"Ndati nyumba ya abambo ili kuti?"

Malata ndinali nditawaona kale, anali padenga pake. Chitseko cha mlombwa ndinachiona akundikokera kumpando, chinali pakhola la mbuzi, atachimangirira ndi waya. Iye sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati amalume ake atapita palibe amene analimba mtima kugonamo, ana ankati usiku mumamveka kutsokomola. Anati ndipotu makolo akale nyumba ya malemu ankaigwetsa, si iye anayambitsa. Kenako analowa m'nyumba n'kubwera ndi chithunzi chake, chamitundu, chachikulu, chomatidwa pulasitiki.

"Taonani musanapse mtima. Amalume anagona nthawi yaitali popanda chizindikiro. Tinati njerwa zabwino chonchi ziwonongekerenji? Tawafunditsa njerwa zawo zomwe. Zinakwaniranso amayi anga ndi agogo."

Chinali chithunzi cha tsiku la chiliza. Ziliza zitatu zopakidwa laimu, mudzi wonse utaima kumbuyo kwake, azimayi atavala chitenje chofanana, msuweniyo ali pakati ndi suti, mano onse panja. Chiliza cha abambo chinali chopendekeka. Sindikunena mwanjiru, chinkaoneka ndi maso kuti mbali ya kumutu yakwera, ya kumiyendo yamira, ndipo mtanda wake waweramira kumanzere. Munthu amene ankagumula khoma la tsiku lonse chifukwa cha njerwa imodzi yotuluka pamzere, amugoneka pansi pa chinthu chimenecho. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Panali ngakhale anthu a mudzi woyandikana nawo amene ankabwera kudzabwereka wilibala. Mkazi wa malemuyo panalibe. Ana ake panalibe.

"Munamanga chiliza cha abambo osatiuza?"

"Amayi tinawasudzula paja. Ukwati unatha, tikanawavutitsiranji?"

"Nanga ine munandisudzulanso?"

"Inu ndi a kwa amayi anu, mukudziwa. Komanso madzi akatayika sawoleka, asuweni."

Zimene ndinamuyankha sindingazilembe, ana a sukulu angadzawerenge. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika, akazi ake n'kutuluka ndi chipande m'manja. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti iye ankakhulupiriradi kuti wachita zaulemu. Wakuba amathawa ukamuona. Uyu anandiperekeza mpaka pa bwemba, akundiuza kuti ndikawapatse moni amayi.

Pobwerera ndinakonza mabodza angapo, kuti mlatho waduka, kuti msuweni wakana. Koma nditalowa amayi anandiyang'ana kumapazi, fumbi lofiira la kumeneko analidziwa, ndipo anati ndinene. Ndinanena zonse, malata, chitseko, ziliza, chitenje chofanana. Anamvetsera manja ali pamaondo. Sanalire. Anangofunsa ngati bwemba uja alipo, ndipo nditati alipo anati, "Ndiye tipita Loweruka."

Ndinakana. Ndinati kulibe choti akaone, akangokwera BP pachabe, ndipo ine sindingakapondenso pakhomo pa munthu uja. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenako anati ngati sindikufuna apita okha. Amayi akatero nkhani yatha.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Ndinawatsitsa pakabaza, ndipo ndinafuna kuwadutsitsa chidule pakati pa mapesi, koma anandikoka dzanja. Anazungulira ndi ndodo yawo pang'onopang'ono m'mbali mwa mundawo mpaka mbali yoyang'ana kumsewu. Apo ndi pamene ndinaona kuti dothi ndi lokwera pang'ono pamene panali maziko. Anakweza phazi ngati pali sitepe, anayenda pang'ono, n'kuima.

"Khonde ndi ili," anatero. Anapitirira, nakhotera kumanja.

Msuweni anali atamva kuti tabwera. Anafika akuwomba m'manja mwaulemu, akuti amayi mwatiyendera, bwanji osatumiza uthenga tikanagwira nkhuku. Anadutsa mowongoka pamapesi n'kudzaima pafupi nawo, akufotokoza za mvula ya chaka chimenecho ndi mmene chimanga chinachitira bwino pamalopo.

"Bambo," anatero amayi, "mwaima pati?"

"Pamunda, amayi."

"Mwaima kuchipinda kwanga. Pamene pali phazi lanupo ndi pamene amalume anu anatsirizikira, mutu wawo uli pamiyendo panga. Anakulowetsani ndani?"

Iye anaseka, akuyang'ana ine kuti ndimuthandize kuseka. Akazi ake ndi anthu ena anali atasonkhana pa bwemba, ndipo palibe amene anaseka. Mwamuna wamkulu kulowa kuchipinda kwa akazi a amalume ake, aliyense pamenepo ankadziwa kuti ndi chiyani.

"Tulukani."

Anasuntha chammbali kuti achoke.

"Osati pakhoma. Kapena ndinu mfiti? Khomo lili uko."

Amayi analoza khomolo ndi ndodo. Msuweni wanga, ndi mimba yake yonse, anabwerera, anayenda pamapesi kutsata kumene ndodo ikuloza, anakhota pabalaza, n'kutulukira pakhomo, mutu uli pansi. Ndinkayembekeza kuti ndimva kukoma, koma mkwiyo wanga unali pomwepo, poti nyumbayo sinabwerere.

Amayi anatsamira ndodo n'kukhala pansi padothi lotentha. Ndinathamanga kuti ndiwayalire chitenje.

"Iwenso tuluka," anatero. "Kuno si kwa ana."

Ndinatulukira pakhomo, n'kukaima pakhonde, dzuwa likundiwotcha pamutu. Kumbuyo kwanga amayi anayamba kulira amuna awo, mokweza, powatchula ndi mfunda wawo, ndipo mudzi wonse unaima pa bwemba kumvetsera.